Jombo Yothamanga Kuposa Kuwala

"Mwaba jombo, achimwene. Musandiyang'ane choncho, jombo mwaba ndinu."

Anatero mtsikana wosoka nsapato uja ali chiimire pakhomo pa kashopu kake, kiyi akadali m'manja. Dzulo lake anasiya jombo ziwiri zakuda pa benchi, atazisoka, kuzimata ndi kuzipukuta mpaka munthu kumadziona nkhope. Lero anapeza chitseko chili chotsegula, pa benchi pali mbee, ndipo pa kampando kake patakhala mchimwene wake wamkulu, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Sayansi, atafungatira katoni yokulungidwa ndi selotepi ngati khanda lodwala.

"Sindinabe," anatero a Sayansi modekha. "Ndabwereka m'dzina la mtundu wa anthu."

"Mtundu wa anthu uli ndi kiyi wa shopu yanga?"

"Kiyi wina uja ndinatenga kwa amayi."

 Jombozo sizinali jombo wamba. Anabwera nazo kapitawo wa kampani ina ya alonda, munthu wosaseka, amene anasankha ziwiri zong'ambika kwambiri pa mulu wonse, za alonda awiri, kuti amuyese nazo dzanja. Anati abweranso twelofu koloko masana, ndipo akakhutira, jombo za alonda makumi anayi zizibwera pa benchi imeneyi. Zaka zitatu mtsikanayo ankangolumikiza mapatapata oduka ndi zingwe za zikwama. Uwu unali mwayi woyamba wooneka ngati mwayi.

Komanso kunyumba kwawo zinthu zinagawidwa mokondera kuyambira kale. Bambo awo atamwalira, mnyamata anatenga mabuku, wailesi, nsapato zakuda za malemuwo ndi dzina loti wanzeru. Mtsikana anatenga singano ndi ulusi. Mnyamata akamasula simbi n'kulephera kuibwezera, amayi ankati akufufuza. Mtsikana akaswa kapu, ankati alibe maso. Koma chakudya cha onse atatu chinkachokera pa singano ija.

"Zili kuti?"

"Imodzi ili muno." Anasisita katoniyo.

"Inzake?"

A Sayansi anayang'ana wotchi yawo. "Panopa iyenera kuti yadutsa mlatho wachiwiri."

"Jombo ikuyenda yokha?"

"Ili m'basi."

Anafotokoza mosapupuluma, ngati akupereka nkhani yabwino, kuti anafika pashopupo m'bandakucha, ndipo katoni yachiwiri anaipereka kwa kondakitala wa basi ya faifi koloko kuti akaisiye kwa achemwali awo aakulu, amene anakwatiwa ku mzinda wakutali, ulendo wa maola asanu ndi awiri. Mtsikanayo anakhala pa chitini cha guluu. Kenaka anaimiriranso chifukwa mkwiyo sunalole kuti akhale.

"Khazika mtima pansi, mlongo wanga, umvetse. Kuwala ukukudziwa?"

"Kwa babu kapena kwa dzuwa?"

"Konseko. Kumathamanga kwambiri moti kungazungulire dziko lonse kasanu ndi kawiri iwe usanamalize kuyetsemula. Akatswiri onse amati palibe uthenga ungakupitirire. Foni, wailesi, zonsezo zimayenda m'mbuyo mwake kapena pambali pake. Lero ine ndikupitirira."

"Kuwalako kukudziwa kuti kuli pa mpikisano?"

"Kudziwa masana ano."

Apa ndiye anamasula thumba lonse. Anati kwa milungu itatu wakhala akuwerenga pa foni za tinthu ting'onoting'ono kuposa fumbi, timene timabadwa mapasa. Ukatilekanitsa, kena n'kukatumiza kuseri kwa mwezi, ukangoyang'ana kamodzi umadziwiratu za kanzake nthawi yomweyo, popanda waya, popanda mlongoti wa foni. Akatswiri amawonongera makina aakulu pa zimenezi, koma iwo atalingalira anaona kuti munthu wosauka angathe kuchita zomwezo ndi nsapato. Kodi nsapato si mapasa? Ndiye anadzimanga mpango kumaso, anavala magolovesi ochindikala kuti ngakhale zala zisadziwe, anafufuza pa benchi, imodzi m'katoni iyi, ina m'katoni inayo, anazisakaniza, anamata. Pa dziko lonse lapansi panalibe munthu wodziwa kuti iti ili muti.

"Ndikatsegula iyi n'kupeza yakumanja, pompo ndadziwa kuti ili kutaliyo ndi yakumanzere. Pompo. Kuwala kusanamange n'komwe zingwe za nsapato zake."



"Achimwene, jombo zimenezija..."

"Usanene." Anatseka makutu ndi zala. "Usandiuze kanthu kalikonse ka jombozi, uwononga kafukufuku."

"Koma ndimati..."

A Sayansi anayamba kung'ung'udza nyimbo mokweza, zala zili m'makutu, katoni itapanidwa ndi maondo. Mayi wogulitsa zovala pa khomo loyandikana anasuzumira n'kubwerera. Mtsikanayo anali ndi mawu anayi okha oti anene, koma anawabwezera m'mimba. Anadziuza kuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo nkhwangwa ya lero asule okha. Chinatsala n'kupeza njira yobwezera jombo isanakwane twelofu. Wotchi ya pakhoma inkati teni koloko yadutsa.

"Chabwino. Basi yanyamuka faifi, ikafika twelofu. Kuwala kumatenga maola angati kukafika kwa achemwali?"

"Sikutenga maola. Sikutenga ngakhale kuphethira."

"Ndiye basi ija ikuthamanga kuposa kuwala?"

"Basi siwerengedwa."

"Jombo ya kasitomala wanga mwaikweza chinthu chosawerengedwa?"

"Basi ndi kukonzekera chabe. Uthenga ukuyamba ndikatsegula."

"Uthengawo ukuti chiyani?"

"Ukuti kumanja. Kapena kumanzere."

"Achemwali anafunsa zimenezo?"

"Safunikira kufunsa."

"Ndiye poti makina anu ndi achangu, atumizireni uthenga uwu: bwezani jombo."

A Sayansi anakanda chibwano. Anati zimenezo pakadali pano sizingatheke, chifukwa wotsegula sasankha chimene chituluke, amangolandira. Mtsikanayo anafunsa ngati wamva bwino: foni yawo ya jomboyo imadziwa mawu awiri okha, ndipo pa awiriwo imadzisankhira yokha loti inene. Iwo anati chilichonse chimayamba chaching'ono, ngakhale ndege yoyamba sinkanyamula katundu. Kenaka nkhope yawo inawala. Anati yankho alipeza: angopangana ndi achemwali kuti ikakhala yakumanja ndiye kuti bwezani, ikakhala yakumanzere ndiye kuti sungani.

"Ikatuluka sungani?"

"Titumiza peyala ina, mpaka ituluke bwezani."

Maso awo anali atakwera kale pa shelefu, pamene panali nsapato zoyera za namwino wina ndi tinsapato ta sukulu ta ana a telala. Mtsikanayo anasuntha n'kukaima kutsogolo kwa shelefuyo, nyundo ili m'manja. Sanaikweze, anangoigwira.

"Ndinawerengetsera kale," anapitiriza a Sayansi ngati sakuiona nyundoyo. "Kuti munthu atumize chiganizo chathunthu, monga moni kapena za maliro, pakufunika mapeyala ngati makumi anayi. N'chifukwa chake ine ndikufunitsitsa kuti ntchito ya alondayi uipeze. Usamaganize kuti sindikufunira zabwino."

"Mukufuna alonda makumi anayi aime pa mageti ndi masokosi kuti inu mupereke moni."

"Kwa maola ochepa chabe."

Mtsikanayo anaika nyundo pansi mosamala, chifukwa anaona kuti dzanja layamba kuganiza lokha. Anatenga patapata wa munthu wina, nayamba kumusoka pamalo posang'ambika.

"Nanga achemwali adziwa bwanji kuti mwatsegula?"

"Ndiwaimbira foni."

Singano inaima.

"Foni iti?"

"Yakoyo. Yanga ilibe mayunitsi."

"Foni ija imayenda m'mbuyo mwa kuwala?"

"Ndi yongotsimikizira. Iwe vuto lako umaganiza pafupi, umathera pa chidendene. Taganiza za anthu amene adzapite ku dziko lofiira lija lili kumwamba. Uthenga wa wailesi umatenga mphindi zambirimbiri kukafika. Munthu amvekere, amayi ali bwanji, n'kumadikira yankho mpaka tiyi kuzizira. Ndi njira yangayi, angotsegula katoni."

"Katoniyo ikafika bwanji kumeneko? Kuli basi?"

"Ipita pa chombo, limodzi ndi anthuwo."

"Ulendo wa masiku angati?"

"Miyezi."

"Ndiye amayi akadwala chombo chitanyamuka kale, jombo ili m'katoni isintha mwendo?"

 Mtsikanayo sanawapatse mpata. Anati iye sanapite patali ndi sukulu, koma nsapato amaidziwa kuposa nkhope ya mwini wake. Jombo imene ili m'basi inali ya mwendo umodzi pamene ankaiika m'katoni, ndi ya mwendo womwewo pa mlatho wachiwiri, ndipo ikafika ili ya mwendo womwewo. Ngati umenewo ndi uthenga, ndiye kuti unalembedwa faifi koloko m'mawa, wakwera basi, wakhala pansi pa mpando pamodzi ndi matumba a anthu, ndipo ukafika ndi fumbi ngati wina aliyense. Kumanga mpango kumaso sikuthamangitsa basi.

"Apo ndiye walakwitsa," anatero a Sayansi, chala chili m'mwamba. "Akatswiri akuti tinthu tija sitikhala titasankha mbali mpaka munthu atatiyang'ana."

"Tinthuto kaya. Jombo inasankha kale ku fakitale."

"Mfundo yake ndi imodzi."

"Nkhaniyo munaiwerenga mpaka kumapeto?"

Anayang'ana kudenga. Anati anawerenga mbali yofunikira. Atapanikizidwa anavomera kuti m'munsi mwake munali kamutu kena koyamba ndi mawu akuti "Koma chifukwa chake sitingatumize", ndipo bandulo inathera pomwepo. Komabe, anati, munthu wanzeru safunikira kumaliza nkhani, mapeto amawaona ali patali.

Nthawi inkapita. Mtsikanayo anapempha kuti katoni yomwe ilipoyi itsegulidwe, jombo imodzi ipume mpweya, aipukutenso. Anakana. Anati atsegula kota tu twelofu, basi itatsala pang'ono kulowa mu depoti, kuti mtunda ukhale wautali, mbiri idzalembe bwino. Anamufunsanso ngati ali ndi diresi yabwino, chifukwa atolankhani akadzabwera adzafuna kujambula ndi wothandizira yemwe. Mtsikanayo anafunsa kuti wothandizira ndi ndani m'shopu imene lendi yake amasaina iye. Anamuyankha kuti asakhale ndi mtima wansanje pa tsiku lalikulu.

Kota tu twelofu itakwana, a Sayansi anaimirira, anakonza kolala, anabwereka mpeni wodulira zikopa. Anadula selotepi pang'onopang'ono ngati dokotala. Anapisa dzanja, anatulutsa jombo, naikweza m'mwamba. Inkanyezimira, ulusi wake uli ndondondo ngati mano a chipeso.

"Yakumanzere," ananong'ona. Kenaka mokweza, kuti ndi mayi wa zovala amve: "Yakumanzere! Ndiye kuti kwa achemwali kuli yakumanja. Lemba nthawi, mlongo wanga. Kuwala kwagonja."

"Zonse zinali zakumanzere."

Anali mawu ake aja, ndipo anatuluka atatu okha, liwu lachinayi analisunga chifukwa linali lachipongwe.

"Wati chiyani?"

"Zonse ziwiri. Iyo ndi nambala eyiti, ili m'basi ndi nambala teni."

"Sizingatheke. Nsapato zimayenda ziwiriziwiri, kumanja ndi kumanzere."

"Ku sitolo. Kuno ndi kuchipatala, achimwene, kumabwera wodwala yekha."

Anawafotokozera monga mmene anamufotokozera kapitawo, kuti mageti a kumene alondawo amagwira ntchito ali ndi chitsulo chapansi cholimba, ndipo mlonda amachikankha ndi phazi lamanzere dzanja lamanja litagwira loko. Kasanu, kakhumi, kamakumi awiri pa tsiku. Yakumanja imakalamba mwaulemu, yakumanzere imayasamula pasanathe miyezi itatu. Akanakhala kuti anavula mpango uja kwa kamphindi, kapena kufunsa mwini benchi, bwenzi atadziwa.

"Bwanji sunanene?"

"Munkaimba nyimbo."

A Sayansi anaitembenuza jomboyo, anaiyang'ana pansi, anasuzumira m'kati ngati muli kalata. Kenaka anaumitsa khosi. Anati mawu a munthu mmodzi, wokwiya kale, sangagwetse kafukufuku wa milungu itatu. Pakufunika umboni. Anatambasula dzanja kupempha foni.

Netiweki m'kashopumo inkapezeka pakona imodzi yokha, pamwamba pa shelefu. Munthu amene anagonjetsa kuwala anakwera pa kampando, mutu utagunda malata, akuzunguza foni uku ndi uku kufunafuna kamzere kamodzi. Inalowa kachitatu. Achemwali anayankha ali mu depoti, phokoso lili mbwee. Anati basi yafika msanga, katoni alandira, ndipo atsegula kale poganiza kuti ndi mphatso ya mwana. Anafunsa ngati kunyumbako anthu ali bwinobwino m'mutu, potumiza jombo imodzi yonunkha polishi ulendo wonsewu. Anati ndi yakumanzere. Anatinso basi yobwerera ndi ya mawa m'mawa, ndipo asawaimbirenso pa zopusa.

A Sayansi anatsika pa kampando mwakachetechete.

"Akuiyang'ana chakutsogolo," anatero. "Munthu ukayang'anizana ndi nsapato, kumanja kumaoneka kumanzere."

"Ndiwaimbirenso aivale?"

"Achemwali kuyambira kale sasiyanitsa. Amayi amati ankatembenuza mapatapata."

"Anali ndi zaka zinayi."

"Khalidwe silisintha."

Mtsikanayo akanayankha, koma pakhomo panada. Kapitawo anali ataima pamenepo, yunifolomu yosita mpaka mizere yake kumacheka, chipewa chili m'khwapa. Wotchi inkati twelofu ndendende. Sanapereke moni wautali. Anatenga jombo m'manja mwa a Sayansi ngati akutenga pa msomali, anaipinda, anakoka pansi pake ndi manja onse awiri, anayendetsa chikhadabo pa ulusi. Anaimenyetsa pa chitsulo chokhomerapo nsapato kawiri. Jombo sinayasamule. Anagwedeza mutu kamodzi.

"Dzanja lilipo," anatero kapitawo. "Inzake?"

 A Sayansi anayamba kunena kuti funso limenelo ndi lozama kuposa mmene likumvekera, ndipo kuti alimvetse bwino ayambe adziwa liwiro la kuwala. Kapitawo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa mtsikanayo. Mtsikanayo ananena zoona zokhazokha, mwachidule: jombo inasokedwa bwino ngati inzakeyi, ili ku mzinda wina, ibwera mawa, ndipo amene anaikweza basi ndi awa.

Kapitawo sanakalipe. Analoza panja, pamene panaima galimoto ya kampani. Kumbuyo kwake kunakhala mlonda wamtali, phazi lamanja lili mu jombo, lamanzere lili mu sokosi yobooka, chala chachikulu chikuwomba mphepo. Anati munthu ameneyo akuyenera kuima pa geti wani koloko, ndipo lamulo lawo salola mlonda wopanda nsapato zakuda mapazi onse awiri. Geti likakhala lopanda munthu, iye za mabasi sazidziwa, jombo za alonda makumi anayi zipita kwa mdala wosoka kuseri kwa msika.

Mtsikanayo anagwetsa maso pansi, ngati munthu wogonja. Koma wosoka nsapato akayang'ana pansi ndiye kuti wayamba ntchito. Pamenepo, pakati pa tizidutswa ta zikopa ndi selotepi, panaima nsapato zakuda za malemu bambo awo zili kumapazi kwa a Sayansi, zazitali mpaka m'kakolo, zimene iye mwini anazisintha pansi kawiri popanda ngakhale zikomo. Kapitawo anatsatira maso akewo. Anawerama pang'ono, anaziyang'anitsitsa, n'kunena kuti munthu akakhala patali sangasiyanitse, mpaka mawa zikhoza kuchita. Anafunsa kuti a Sayansi amavala nambala yanji.

A Sayansi anabweza phazi lamanzere kuseri kwa lamanja.

"Mlongo wanga, izi ndi za bambo. Ndipo madzulo ano ndili ndi msonkhano."

"Mupita ndi imodzi."

"Anthu aziti chiyani mumsewu?"

"Aziti makina anu ayamba kugwira ntchito." Anakoka kampando kaja n'kukaika kumbuyo kwawo, nagwada ndi bondo limodzi monga amachitira ndi kasitomala aliyense. "Yakumanja mukhala nayo inu, inzake ipita ku geti. Aliyense woyang'ana phazi lanu adziwa pompo chimene chili ku phazi la mlonda, kuwala kusanamange n'komwe zingwe za nsapato zake. Ndipo ulendo uno peyala yake ndi yeniyeni."

Kapitawo anayang'ana wotchi. Panja mlonda uja anali atayamba kale kukoka sokosi kuti abise chala.

"A kapitawo afunsa nambala ya phazi lanu, achimwene," anatero mtsikanayo, zala zitagwira kale chingwe cha kumanzere. "Ine ndikuidziwa, koma wanzeru pakhomo pathu ndinu. Funso ili silifuna bandulo. Yankhani."